Ng'oma ya Ankhwazi a ku Zakazaka

Iwambeni pamoto ng'omayo, anyamata, ikungike ndithu. Mbalule itsogole, mpanje itsatire, gunda agunde mpaka fumbi la ku Matawale lidzuke. Amayi a ku Chinamwali, a ku Mpondabwino, a ku Sadzi, konzani kukhosi poti nthungululu zifunika zambiri. A beni, valani malaya anu a mabatani, imbani wezulo, pondani mwachisilikali, chifukwa amene tikuwaitana lerowa ndi asilikali enieni. Dziko lakhala likumva kulira kwa injini zawo zaka zambirimbiri, ana akuthamangira panja kukaloza kumwamba, koma nkhope zawo ndi mayina awo dziko silinasunge. Tikuitana oyendetsa ndege za asilikali a ku Zakazaka, bwalo lawo la ndege ku Zomba.

Gu! Gu! Gu-gu-gu!

Ndinu Ankhwazi a patsinde pa phiri la Zomba. Ndinu Adzukausiku, omanga nsapato tambala asanalire, oyang'ana ku Chawe kuti muone ngati phiri lafunda nkhungu kapena lavula. Aboolankhungu! Adulamitambo! Odziwa mwera ndi mpoto ndi chiperoni monga mlimi adziwira nthaka ya munda wake. Mukanyamuka, Chilwa amakuonetsani madzi ake ndi chilumba cha Chisi, Likangala amapindikapindika pansi panu, Mulanje amasuzumira kum'mwera, Malosa amakuperekezani. Ife otsala pansi timangoona kachitsulo kakunyezimira, kenako zii. Kumene mwapita sitiuzidwa, chimene mwanyamula sitifunsa, ndipo inu simunenanso. Asungachinsinsi, eni pakamwa potseka, zikomo.

Ng'oma ibwerere m'mbuyo pang'ono, pakuti thambo la dziko lino silinayambe ndi kukhala lathu. Agogo athu a King's African Rifles, amene chipilala chawo chaima pafupi ndi Cobbe Barracks polowa mumzinda kuchokera ku Blantyre, anapita ku Burma pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1944, mvula ikukhuthuka usana ndi usiku m'chigwa cha Kabaw, misewu itasanduka matope, chakudya ndi zipolopolo zawo zinkagwa kuchokera kumwamba, kuponyedwa ndi ndege zoyendetsedwa ndi azungu. Msilikali wa ku Nyasaland ankadikira pansi, khosi lili m'mwamba. Pa 3 Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti zinthu zavuta, Dr Kamuzu Banda anatengedwa usiku kunyumba kwake ku Limbe, nakwezedwa ndege ku Chileka kupita kundende ya ku Gwelo, ndipo ndege zankhondo za ku Rhodesia zinkauluka pamwamba pa midzi yathu kuti anthu achite mantha. Masiku amenewo ndege yankhondo inali ya mwini wina, ndipo mwana wa kuno ntchito yake inali kuiopa.

Tsono imvani pamene zinatembenukira. Mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, maofesi ambiri natsala mbee. Chaka chotsatira, 1976, mothandizidwa ndi dziko la Germany, gulu la asilikali a Malawi linamera mapiko. Zinabwera ndege zazing'ono za injini imodzi, Dornier 27, zisanu ndi imodzi. Zinatsatira za injini ziwiri, Dornier 28. Ku France kunachokera mahelikopita, Alouette ndi Puma ndi Ecureuil. Ndipo pakati pa 1986 ndi 1989 zinafika Dornier 228, zotenga anthu 19, zotha kunyamuka ndi kutera pabwalo lalifupi lafumbi. Ana obadwira m'midzi ya kuno komwe, amene anaweta mbuzi ndi kuwedza matemba, anakhala pampando wakutsogolo nagwira chiwongolero. Lulutani, amayi, pamenepa mpoyenera!

Ndi-ndi! Ndi-ndi! Gu-gu-gu!

Oyamba aja, Alambulanjira, Athyolamame a m'mwamba, tikuwombereni m'manja mogwada. Munaphunzira masamu a mphepo, chilankhulo cha wailesi, mapu a mapiri, pamene m'mudzi mwanu munthu wokwerapo ndege ankasowa. Dziko lino silinakhalepo ndi ndege zothamangitsa mdani kapena zoponya mabomba. Zanu zinali zonyamula anthu ndi katundu, zakhungu lopyapyala, zimene chipolopolo cha mfuti wamba chimatha kuboola. Ena amati ulemu wa woyendetsa ndege yankhondo uli pa adani amene wawagwetsa. Ine ndikuti kulimba mtima kwenikweni n'kwa munthu amene amalowa kumene kukulira mfuti alibe chobwezera, atanyamula anzake kumbuyo.

Apa ng'oma ichepetse liwiro. Mbalule, lankhula pang'onopang'ono, chifukwa tafika pankhani imene kale inkanenedwa monong'ona.

Tsidya la malire, ku Mozambique, kunali nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Njanji ya ku Beira inafa, ya ku Nacala inafanso, ndipo feteleza, mafuta ndi mchere wathu zinayamba kuzungulira njira yaitali ya ku Durban, mitengo ya zinthu nikwera m'sitolo iliyonse. Anthu othawa nkhondo anakhamukira ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Mulanje ndi Mangochi mpaka chiwerengero chawo chinapitirira miliyoni imodzi. Mu Seputembala 1986 atsogoleri Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzauza Kamuzu maso ndi maso kuti akukhulupirira kuti Malawi ikuthandiza Renamo. Machel anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga yoloza kuno. Pa 19 Okutobala chaka chomwecho Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini. Mu Disembala Malawi ndi Mozambique anasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi, pansi pa General Melvin Khanga, anawoloka pa Nayuchi kukalondera njanji ya ku Nacala.

Tchulani malowo, ng'oma iwabwereze: Nayuchi, Entre Lagos, Cuamba, Malema, njira yonka ku Nampula. Thengo lalitali, mapiri amiyala, milatho yogumulidwa, misewu yokwiriridwa mabomba. Anyamata athu anagona m'maenje kumeneko, ena anavulala, ena anafa. Koma kuno kumudzi wailesi inali imodzi yokha, MBC, nyuzi zazikulu zinali Daily Times ndi Malawi News ndi Boma Lathu, ndipo zonsezo zinkanena chinthu chimodzi, kuti Malawi ndi dziko la bata ndi mtendere. Nkhondo imene tinkamenya inalibe malo pankhani za madzulo. Bokosi linkafika pamudzi, anthu n'kulira motsitsa mawu, poti kufunsa kuti mwana wathuyu wafera kuti kunali kudziitanira apayoniya kapena a Special Branch pakhomo.

Inu a ku Zakazaka, inu munali mapiko a gulu lankhondo limenelo, m'zaka zimenezo, pansi pa lamulo lomwelo lakuti pakamwa tseke. Msilikali akavulala kutali ndi chipatala, msewu uli ndi mabomba, sitima yaima, njira yotsala ndi ya m'mwamba. Chakudya chikatha kumsasa, mankhwala akatha, kalata ya mkazi ikafuna kufika kwa mwamuna wake, maso onse amayang'ana kumwamba. Ndiye tikutchani mayina amene boma silinakupatseni. Anyamulamabala! Ateram'thengo! Apitaosatsanzika, Abweraosalengezedwa! Onyamula amoyo popita, onyamula ovulala pobwerera, otsuka magazi a anzanu pansi pa ndege madzulo, n'kukafika kunyumba n'kungoti ntchito inali bwino.

Wina asaganize kuti thambo la masiku amenewo linali lofewa. Pa 6 Novembala 1987 ndege ya Air Malawi, yamtundu wa Skyvan, yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, inawomberedwa pafupi ndi Ulongwe m'dziko la Mozambique, ndipo anthu onse 10 amene anali m'menemo anafa. Imeneyo inali ndege ya anthu wamba, yongodutsa njira yachidule. Nanga inu ovala yunifomu, ouluka m'ndege yopakidwa utoto wachisilikali, amene aliyense wogwira mfuti pansi akanakuyesani mdani? Munkadziwa zimenezi, ndipo m'mawa mwake munkamanganso lamba pampando.

Gu! ... Gu! ... Gu!

Nkhondo ija inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Othawa nkhondo anabwerera kwawo, sitima inayambanso kulira pa Nayuchi, ndale za zipani zambiri zinafika, aliyense anatsegula pakamwa. Tinamva nkhani za akaidi a ku Mikuyu, za nduna zitatu ndi phungu mmodzi ophedwa ku Mwanza mu 1983, za othamangitsidwa m'dziko, ndipo kunali koyenera kuti tizimve. Koma nkhani ya asilikali a panjanji ya ku Nacala, ndi ya mapiko awo, inatsalira m'makabati. Boma lakale linaibisa poti inali chinsinsi. Maboma atsopano anaisiya poti inali ya nthawi ya Kamuzu. Msilikali amene anamvera lamulo anagwera pakati, wopanda womutchula uku ndi uko. Ichi chimandiwawa, ndipo ndi chifukwa chake ng'oma ino yakungidwa.

Ng'oma isaiwale a manja akuda ndi girizi. Inu amakaniko a ndege, Agonam'hang'ala, Amvetserainjini, amene mumazindikira ndi khutu lokha kuti chitsulo china chatopa. Mumasaina dzina lanu papepala kuti ndegeyi ili bwino, mukudziwa kuti moyo wa mnzanu wapachikika pa siginecha imeneyo. Mwasamala ndege zokalamba, zopuma zitsulo zake zikudikiridwa kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndalama zakunja zitasowa. Inu othira mafuta, inu a pawailesi, inu oyang'ana nyengo, inu ozimitsa moto oima chire m'mbali mwa bwalo: ndege imodzi ikanyamuka, manja makumimakumi ndiwo aikankha.

Ndipo inu amayi a m'malaini, Alondakhomo, Adikiramkokomo. Mumadziwa kulira kwa ndege ya amuna anu kusiyana ndi ina iliyonse. Mumaphika ndiwo n'kuvundikira, osadziwa ngati mwini mbale abwera lero, mawa kapena sabata yamawa. Ana akafunsa kuti adadi apita kuti, mumati apita kuntchito, poti inunso simunauzidwe. Mwanyamula chinsinsi cha boma popanda malipiro, popanda nyota paphewa. Amayi anzawo, aluluteni awa, afupeni!

Ndi-ndi-ndi! Gu-gu! Ndi-ndi-ndi!

Mtendere utabwera, inu Ankhwazi simunapinde mapiko. Mwanyamula atsogoleri, mwanyamula odwala, mwanyamula maliro a akuluakulu kupita nawo kwawo. Mu Januwale 2015 Shire ndi Ruo atasefukira, anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa ali pamitengo ndi pazulu, Makhanga atasanduka chilumba, asilikali a m'mwamba ndi a m'maboti ndiwo anakawafikira. Atsomphola a chifundo, otola mwana pamadzi! Koma mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche ndi kukokolola midzi ku Mulanje ndi Phalombe, tinachita kudikira ndege za anansi athu a ku Tanzania ndi Zambia. Luso linalipo kuno, mitima inalipo, zida ndizo zinaperewera. Tiwathokoze anansiwo, inde, koma tisabise manyazi athu: dziko limene limasefukira chaka ndi chaka lasiya ankhwazi ake ndi mapiko ochepa.

Tsopano ng'oma ilire ya maliro. Amayi, mangani nsalu m'chiuno.

Lolemba, pa 10 Juni 2024. Mwezi wozizira, mwezi wa nkhungu ku Viphya. Ndege ya Dornier 228, nambala yake MAF-T03, yopangidwa mu 1987, m'zaka zomwe zija za ku Nacala, inanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi itangopitirira 9 koloko m'mawa. Inanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Klaus Chilima, ndi anzake, kupita ku Mzuzu paulendo wa kumaliro a malemu Ralph Kasambara. Ulendo wosakwana ola limodzi. Ku Mzuzu sinatere, ku Lilongwe sinabwerere. Dziko linagona m'maso usiku umenewo, ndipo tsiku lotsatira ndegeyo inapezeka itaphwanyika paphiri, ku Nthungwa, m'nkhalango ya Chikangawa. Onse 9 anali atatisiya.

Tinalira masiku 21, ndipo kulirako kunali koona. Koma kumbukirani mmene tinkanenera: a Chilima ndi ena asanu ndi atatu. M'nyuzi, pawailesi, m'maulaliki, m'minibasi, mawu anali omwewo, ena asanu ndi atatu. Onsewo anali ndi mayina ndi makolo ndi ana, ndipo atatu mwa iwo anali a yunifomu ya m'mwamba, amene sanakwere ndegeyo ngati alendo, anali pantchito. Ng'oma ino ikuwatchula mmodzimmodzi, ndipo aliyense alandire kugunda kwakekwake.

A Colonel Owen Sambalopa, mkulu woyendetsa ndegeyo! Gu! Chiwombankhanga chachikulu, Mtsogolerim'mitambo, bambo amene akuluakulu a dziko ankakhala kumbuyo kwawo mtima uli m'malo. Kufika pa udindo wa Colonel n'kukhala utauluka zaka, utatera pamabwalo abwino ndi oipa, utaphunzitsa achinyamata. Maulendo onse amene munafikitsa anthu bwinobwino sanalembedwe m'nyuzi. Dzina lanu tinalimva tsiku limene simunafike. Pepani, bambo, pepani.

Mayi Major Flora Selemani, wachiwiri pachiwongolero! Gu! Gu! Namzeze wa liwiro, Mswachizolowezi, mwana wamkazi amene anakhala pampando umene ambiri ankati ndi wa amuna. Atsikana a kusukulu za ku Zomba, a ku St Mary's, a ku Mulunguzi, a ku Likangala, limveni dzinali. Mayi wa Chimalawi anavala yunifomu, anakwera maudindo mpaka Major, anayendetsa ndege ya asilikali, ndipo anafera pantchito yake. Pitani bwino, mayi.

A Major Wales Aidin, injiniya wa ndegeyo! Gu! Gu! Gu! Msing'anga wa zitsulo, Mperekezandege, amene sanangosaina papepala n'kutsala pansi, anakwera nawo. Ntchito yanu inali yosaoneka kuposa zonse, pakuti injiniya akagwira bwino ntchito palibe chimene chimachitika choti anthu anene. Gonani, bambo, manja anu apume.

Ndipo tinene zimene akatswiri ofufuza ngozi a ku Germany, a bungwe la BFU, anapeza, chifukwa kutamanda kopanda choonadi n'kunyengeza. Ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa, inalibenso ojambula mmene ikuulukira. Kachipangizo kamene kamayenera kulira ndege ikagwa, kuti ofunafuna aipeze msanga, batire lake linali litatha ntchito kuyambira 2004. Zaka makumi awiri! Maboma analowa ndi kutuluka, nduna zinasinthana mipando, mabajeti anawerengedwa, batire lili lomwelo. Anthu amenewa tinkawatuma kuuluka choncho, nyengo yabwino ndi yoipa, ndipo msilikali akatumidwa mawu ake ndi amodzi. Anthu akhoza kutsutsana za zimene zinachitika m'mphindi zomaliza m'nkhungu ija, ndipo akutsutsanadi mpaka lero. Koma za batire lija palibe chotsutsana. Mlandu umenewo ngwa dziko limene linawapatsa chida chokalamba n'kuiwala kuchisamala.

Gu-gu-gu! Kunganinso, anyamata, ng'oma isafooke, poti amoyo alipo.

Inu amene mudakali pantchito ku Zakazaka ndi ku Lilongwe, amene munaika anzanu m'manda n'kubwerera kukakwera ndege ina: Alimbamtima, Osabwereram'mbuyo, Ana a mphamba, tikuonani. Inu amene munapuma, mukulima chimanga ku Domasi kapena ku Thondwe, mukuima pamzere kubanki kudikira penshoni, mnyamata wa pakauntala osadziwa kuti manja akunjenjemerawo anatsitsapo ndege pabwalo lafumbi mfuti zikulira chapatali: agogo athu, tikugwadirani. Inu amene munagona kale m'manda a kumudzi, popanda lipenga, popanda mbendera, mizimu yanu imve ng'omayi.

Chaka chilichonse mu Novembala akuluakulu amasonkhana pachipilala cha ku Zomba, atavala duwa lofiira pachifuwa, kukumbukira ankhondo a 1914 ndi a 1939. Nzabwino, zipitirire. Koma nkhondo zimenezo zinali za mfumu ya ku England, ndipo zili ndi chipilala. Ya ku Nacala inali yoteteza njanji yathu, mafuta athu, feteleza wathu, ndipo mwana wasukulu akhoza kumaliza Fomu 4 osaimvapo. Nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino ili mu Zomba momuno. Sukulu yaukachenjede ya Malawi, ndi aphunzitsi ake a mbiri yakale, ili ku Chirunga, mtunda woyenda wapansi kuchokera kubwalo la ndege. Chotsala n'chiyani?

Akuluakulu a asilikali, zaka zoposa makumi atatu zadutsa chithereni nkhondo ija, tsegulani mabuku a maulendo a ndege, amasuleni akuluakuluwa alankhule. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, pokambirana bajeti funsani za mabatire, za zitsulo, za maphunziro a oyendetsa ndege, musadikire maliro ena. A bungwe la asilikali opuma la VELOM, sonkhanitsani mayina a onse amene anatumikira panjanji ija, apansi ndi am'mwamba, alembedwe pamwala. Ophunzira a ku Chirunga, tengani zojambulira mawu mupite kumakomo awo adakali moyo. Ndipo inu owerenga, ngati m'mudzi mwanu, mumpingo mwanu kapena mumzikiti mwanu muli mkulu amene anagwirapo ntchito m'gulu la ndege za asilikali, pitani mukamuone sabata ino, mukhale pansi, mumufunse kumene anauluka, ndipo zimene akuuzeni muzilembe.